Ankolo Ena Ake a Magetsi

Mukatsika minibasi pamsika wa Ndirande n'kufunsa munthu woika magetsi, ambiri akulozerani kwa a Herbert Namakhwa, koma sangakulekeni mupite asanakutsineni khutu. Akuuzani kuti ntchito amaidziwa, nyumba imene aikamo waya siipsa, koma pakamwa pawo palibe swichi. Akapeza kuti mmisiri wina anakulunga mfundo ya waya ndi jumbo m'malo mwa tepi, amayamba kukalipira mmisiriyo ngakhale palibe, kenaka mwini nyumba pomulemba ntchito, mpaka amafika kwa makolo amene anabereka onse awiri. Akatero amakonza bwinobwino, n'kupempha madzi akumwa ngati sananene kanthu.

Anabadwira ku Chiradzulu, ndipo m'tauni anafika ndevu zikungomera kumene. Ntchito anaiphunzirira pafakitale ina ya zidebe zapulasitiki ku Makata, kumene anayamba ndi tsache n'kudzathera pokonza mamota a makina. Fakitaleyo itatsekedwa anzawo ena anabwerera kumudzi, ena analowerera m'mashabini. Iwo anagula njinga yakapalasa, n'kumangirira makwerero m'mbali mwake ndi chikwama cha zida pakaliyala. Njingayo ilipo mpaka lero, ndipo imalira kuposa mwini wake.

Iwo ndi akazi awo, a Agnes, amene amasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde, Mulungu sanawapatse mwana. Mwana amene analera ndi wa mlongo wawo wamng'ono, Lilian. Mwamuna wa Lilian anapita ku Joni mwanayo akukwawa, ndipo kumeneko anangoti zii, osatumiza ngakhale moni. Lilian anayamba geni yokapikula katundu ku Tanzania, n'kudzasiya khandalo ku Ndirande kuti likhaleko masiku ochepa. Masiku ochepawo anatha mwanayo, Olive, atalemba mayeso a Folomu 4.

Anthu akale a m'derali amakumbukira kamtsikana kovala yunifolomu yosokedwa mokulirapo, katakhala pachitsulo cha njinga, mwendo umodzi ukugunda makwerero. Amakumbukiranso tsiku limene a Namakhwa anathamanga nako kumsana kupita kuchipatala, malungo atakagwira mpaka kukomoka, iwo ali chosavala nsapato. Ndipo amene anali pafupi amakumbukira phokoso la tsiku limene Olive anabwera kusukulu ndi mawu atsopano.

"Ankolo, ndabwerako."

"Wati ndani?"

"Ankolo. Anzanga onse amatero."

"Ankolo ndi kondakitala wa minibasi. Ankolo ndi wogulitsa chipisi pachiwaya. Aliyense wovala buluku m'tauni muno ndi ankolo. Ine ndine malume ako, wobadwa bere limodzi ndi mayi ako. Ukadzakula, wofuna iwe adzagogoda pachitseko ichi. Wamva?"

Anamva. Kuchokera tsiku limenelo anali amalume, pafoni ndi pamaso pomwe, ngakhale atapita kukoleji, ngakhale atapeza ntchito kubanki ku Lilongwe.

Zaka zimenezo Lilian zinamuyendera. Anatsegula shopu ku Limbe, kenaka ina, n'kumanga nyumba ku Chilomoni, yampanda wanjerwa ndi geti lotsetsereka. A Namakhwa ndiwo anaika waya m'nyumba yonseyo, ndipo ankainyadira ngati yawo. Kuti mlongo wawo anayamba kuwalandirira kukhitchini pakakhala alendo, iwo sanazione. Kapena anaziona n'kuzikankhira kumbali, pakuti munthu wolongolola chotere nthawi zina amakhala wakhungu pa abale ake.

Nkhani ya chinkhoswe anaimva kwa Olive mwini. Mnyamatayo dzina lake Chigomezgo Harawa, injiniya wa zamisewu, kwawo ku Rumphi, makolo ake akhala zaka zambiri m'boma ku Lilongwe. A Namakhwa anasangalala mpaka anaiwala tesita yawo yoyesera magetsi padenga la munthu. Kwawo kwa iwo nkhani yotere siifuna kufunsa: malume ndiye mwini mbumba, ndiye nkhoswe, ndiye amalandira anthu odzafunsira. Anayamba kudikira kugogoda kuja.

Miyezi inadutsa, pachitseko panangogogoda ofuna kukonzetsa masoketi.

"Bambo, kodi anthu aja sabwera kudzaonekera?" anafunsa a Agnes tsiku lina, maso ali pa singano ya makina. "Tsiku la chinkhoswe latchulidwa kale, inu simunakhale nawo pansi. Analitchula ndani?"

"Ndamufunsa Lilian. Akuti anthu akumpoto sachita ngati ife. Iwo amabwera onse pamodzi kutatsala tsiku, n'kukamba zonse kamodzi."

"Akumpoto ake ati? Mayi Nyirenda, aneba athuwa, si akumpoto? Mwana wawo pokwatira ankangoyenda uku ndi uku."

"Akumpoto ndi ambiri, Agnes. Ena ndi a ku Karonga, ena a ku Rumphi. Iwe unafikako?"

A Agnes sanafikeko, choncho anapitiriza kupalasa makina awo. Bodza lija linagwira chifukwa a Namakhwa sankadziwa miyambo yakumpoto, ndipo sankafuna kuoneka mbuli pofunsafunsa. Anayamba kukonzekera mawu odzalankhula. Ankawayeseza ali pamakwerero m'nyumba za anthu, mpaka mayi wina ku Zingwangwa anatuluka kudzafunsa ngati akulankhula ndi iye.

Chinkhoswecho sichinali cha kuholo. Lilian anati chikhala chapakhomo, cha makadi, anthu ochepa, kuyamba masana mpaka kukada, pakhonde lakuseri limene anayalapo matailosi ndi pakapinga. Pankafunika nyali zikuluzikulu zapanja, zimene amisiri amangoti mafuladi. A Namakhwa anamva mphekesera kuti mlongo wawo wayitana kampani ina yam'tauni kuti idzaike, ndipo anayimba foni nthawi yomweyo.

"Ine ndili moyo? Chinkhoswe cha mwana wanga, magetsi aike anyamata ongodziwa kujambulitsa pa Fesibuku?"

"Achimwene, ndimati mupumeko."

"Ndidzapuma kumanda. Ndikubwera Lachinayi."

Lilian anati chabwino, bola amalize Lachisanu dzuwa lisanapendeke.

Ntchito imeneyo anaigwira ngati akupeta nsalu. Waya amene Lilian anagula anamuyang'ana kamodzi n'kumuponya pakona, ati ngwoyanikira zovala, n'kutulutsa wawo wokhuthala. Anakana kulumikiza pasoketi ya kukhitchini monga achitira aulesi. Anakoka mzere wakewake kuchokera kubokosi lalikulu, ndi buleka yakeyake yodulira magetsi pakavuta, waya yense ali m'mapaipi okhomedwa mowongoka pansi pa denga, kuti ngakhale mvula ya Novembala itabwera mwadzidzidzi pasapezeke wogwidwa shoko. Mafuladi awiri anawakhoma pakhoma la nyumba, ena pamapolo kumpanda. Lililonse ankaliweramitsa, kutsika, kukaima pakati pa kapinga, kukweranso, kulipotoza pang'ono. Nyali yapanja, iwo amati, ikaloza m'maso mwa anthu ndiye kuti woikayo ndi mfiti, ndipo ikaloza pazenera la aneba ndiye kuti akufuna mlandu.

Lachisanu m'mawa anafunsa Lilian kumene ankhoswe adzakhale.

"Apo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Bwanji?"

"Kuwala kudzere cham'mbali. Kukadzera kumbuyo, pazithunzi tidzaoneka ngati mizukwa."

Lilian sanaseke. Analowa m'nyumba msangamsanga ngati wasiya china pamoto. A Namakhwa anakoka mpando wapulasitiki, n'kuuika pansi pa mtengowo, n'kukhalapo ndi ovolosi yawo yothothoka maondo. Anapingasa miyendo, kuwongola khosi, kuyang'ana kumene fuladi lidzachokere. Anaona kuti lidzawawalira bwino patsaya lamanja, ndipo mtima wawo unadzaza.

Chimene chinawachedwetsa ndi fuladi lomaliza. Bulaketi yake, yoligwiriziza pakhoma, inali yopindika kuchokera kusitolo, ndipo anakana kuikhoma chomwecho. Lilian anatuluka kangapo, akuyang'ana foni, kuwafunsa ngati sangangosiya. Olive anali atafika m'mawa womwewo kuchokera ku Lilongwe. Anawapatsa moni mwaulemu, atagwada pang'ono monga kale, koma sanakhalitse. Iwo anati ndi manyazi a mkwatibwi.

Dzuwa litapendeka geti linatsetsereka, ndipo munalowa magalimoto awiri. M'yoyamba munatsika bambo wamtali waimvi ndi mayi wovala duku lofanana ndi diresi, ndiye a Flexon Harawa ndi akazi awo, makolo a mnyamata. Ankayembekezeka kufika kutada, koma ulendo unawayendera bwino, ndipo anati adzaoneretu malo. M'yachiwiri munatsika munthu amene a Namakhwa ankamudziwa: a Donald Matewere, mkulu wampingo kutchalitchi kwa Lilian, wopuma ntchito kukampani ya inshuwalansi, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amawagula. Chibale ndi banjali analibe ngakhale cha mbuzi.

A Namakhwa anali pamwamba pa makwerero, sikuludiraiva ili kukamwa. Anaichotsa msanga, n'kupukuta manja pantchafu. Anayamba kutsika kuti akasambe. Lilian anadutsa pansi pawo n'kunong'ona osakweza mutu.

"Malizani kaye. Musatsike."

Alendo anazungulira nyumba n'kufika pakhonde lija, Olive ali pambuyo pawo. A Harawa anatambasula manja, nkhope ili mwee.

"Amalume! Ankhoswe athu! Koma mwakonza malo bwino!"

"Zikomo, zikomo, takulandirani!" anayankha a Namakhwa kuchokera kumwamba, ndi liwu lawo lija lomveka mpaka kwa aneba. "Pepani mwatipeza ndi zakuntchito."

Onse anatukula mitu. Ndi pamene a Namakhwa anaona kuti manja a a Harawa sanaloze kumakwerero. Anali atagwira dzanja la a Matewere, ndipo ankaligwedeza ngati la munthu amene anadya naye kale kangapo.

"Paja tinagwirizana kwanu kuja kuti mphatso tidzasinthane dzuwa lisanalowe," a Harawa anapitiriza kwa a Matewere, atamwetulira pang'ono poona mmisiri wolowerera nkhani za eni. "Koma ndi nyali izi, ngakhale titachedwa palibe vuto."

Kwanu kuja. Ndiye kuti kugogoda kunachitika, koma pachitseko china. Anthu akumpoto aja anayenda uku ndi uku monga a Agnes ananenera, anakhala pansi, anatchula tsiku, zonse pabalaza la mkulu wampingo. A Namakhwa anagwiritsa makwerero ndi manja onse awiri.

Mayi Harawa anali munthu wansangala. Anaseka, n'kutembenukira kwa Olive.

"Koma bambo awa ngochezeka. Ndi ndani, mwanangu?"

Lilian anatsegula pakamwa, koma funso silinali lake. Olive anayang'ana matailosi. Akanatha kunena kuti sanamve. Akanatha kutsokomola, kapena kuthawira m'nyumba. Anayankha ndi mawu aang'ono koma omveka bwino.

"Ndi ankolo ena ake a ku Ndirande. Amatiikira magetsi."

Munthu amene anakalipirapo mabwana, mapolisi ndi abusa, tsiku limenelo anasowa mawu. Osati kuti mawuwo panalibe. Akanangoti, "Ine ndine Herbert Namakhwa, mwanayu ndinamusintha matewera ndine," chinkhoswe chonse chikanagwedezeka, pakuti palibe banja limene lingasekere kuti linakambirana ndi nkhoswe yobwereka. Lilian akanayaluka, ndipo zimenezo sizikanawadandaulitsa. Koma akanayalukanso Olive, pamaso pa apongozi ake, ukwati usanayambe.

A Harawa anayandikira makwerero, akuyang'ana mapaipi aja.

"Ntchito yaukhondo iyi, bambo. Kwathu ku Lilongwe amisiri otere akusowa. Mwawagwirira nthawi yaitali a pakhomo pano?"

A Namakhwa anayang'ana Olive. Iye sanadzutse mutu.

"Kuyambira mwanayo ali wamng'ono," anatero.

"Eya, n'chifukwa chake mwazolowerana."

Alendo analowa m'nyumba kukamwa zoziziritsa kukhosi. A Namakhwa anatsala pamwamba paja, pulayazi ili m'thumba. Tisabise, maganizo odula waya anawabwerera, ndipo ankadziwa malo oti akadula palibe akanapapeza mpaka Lolemba. Anakhala nawo maganizowo kanthawi ndithu. Kenaka anaona kuti bokosi la fuladi lomaliza lili chitsegukire, mawaya ali pamtunda, ndipo mawa padzakhala ana othamangathamanga. Analitseka, kumanga masikuluwu onse, n'kutsika.

Magalimoto atatuluka kupita kumene alendo anakagona, Lilian anawapeza akukulunga waya wotsala.

"Achimwene, ndimati ndikuuzani lero lomwe, alendo asanafike. Inuyo mwachedwa ndi bulaketi yanuyo."

"Ndiye cholakwa ndi bulaketi."

"Musayambe. Inu mukudzidziwa mmene mulili. Pamaliro a mayi munawauza abusa kuti afupikitse ulaliki anthu ali ndi njala. Pamaso pa gulu! Anthu awa ndi masukulu okhaokha, achimwene. Mukanakalankhula chimodzi chokhota, mwana akanataya mwayi."

"Akanataya mwayi chifukwa cha munthu amene anamulera."

"Sindikukana kuti munamulera."

"Unkhoswe si suti ya tsiku limodzi, Lilian. Banjalo likadzavuta, adzathamangira kwa ndani? Kukadzagwa matenda, kaya maliro, Matewere wakoyo adzadziwa njira ya ku Chiradzulu? Akudziwa kumene kuli manda a mayi ako?"

"Zimenezo tidzaziona. Mawa lokha lidutse."

"Nanga mawalo ine ndikhala pati?"

Lilian anakonza chitenje chake, chimene sichinafunike kukonza.

"Mukabwera ngati achimwene anga, afunsa kuti bwanji anakambirana ndi wina mwini mbumba ali moyo. Ndinawauza kuti mlongo wanga ndi mmodzi, a Matewere. Mukufuna mwana achite manyazi?"

"Ndiye ine unandiika m'manda."

"Sindinanene kuti munamwalira. Sindinakutchuleni basi."

A Namakhwa anamuyang'ana mlongo wawoyo, amene anamuphunzitsa kuwoloka msewu wa Limbe atangofika kuchokera kumudzi, ndipo anamva chidani chimene sanachimvepo pa munthu aliyense. Koma Lilian ankamudziwa kuyambira kale kuti amakonda zapamwamba. Chimene chinkawabaya chinali china.

"Olive anadziwa liti?"

"Kuyambira pachiyambi. Musamuimbe mlandu, ndinamuumiriza ndine."

"Unamuumiriza kunena kuti ena ake?"

A Namakhwa anakadina swichi kuti ayese ntchito yawo, pakuti mmisiri sachoka asanayese. Kunali kusanade kwenikweni, koma mafuladi onse anayaka bwino, khonde ndi kapinga zinawala mofanana, popanda mthunzi pakati. Anathimitsa, n'kunyamula makwerero.

Akumangirira katundu panjinga kunja kwa geti, anamva masilipasi akuthamanga pambuyo pawo. Anali Olive, maso ali ofiira. Anayang'ana kaye mumsewu uku ndi uku.

"Amalume."

Iwo anapitiriza kukoka chingwe cha mphira.

"Amalume, pepani. Ndinasowa chonena. Chigo sakudziwa chilichonse, ndipo ndimaopa kuti ndikamuuza pano zonse zisokonekera. Ndidzamuuza, shuwa ndidzamuuza, zikangodutsa izi."

"Wamva, ndikuchedwa."

"Mawa mubwere. Chonde. Sindingachite chinkhoswe inu kulibe."

Apo manja awo anaima. Munthu ndi wopusa pa mwana amene anamulera. Mkwiyo wonse uja unayamba kusungunuka nthawi yomweyo, ndipo anayamba kale kuganiza kuti mwina mwanayu alowa m'nyumba, akawauza mayi ake kuti bodza lathera pano, akayimba foni kwa apongozi usiku usanafike. Anatembenuka n'kumuyang'ana kumaso koyamba chifikire alendo aja.

"Ndibwere?"

"Ee. Ndaganiza bwinobwino. Mukabwera ndi ovolosi yomweyi ndi chikwama, palibe amene afunse. Tidzati mwabwera kudzayang'anira magetsi, mwina angavute. Mudzaima cha kuseri kwa khitchini, pamenepo zonse zimaoneka. Chakudya ndidzakutumizirani ndekha."

Ankanena ndi mtima wonse, ndipo n'chimene chinapweteka koposa. Anali atakhala pansi, n'kuganiza, n'kuwapezera malo.

A Namakhwa anamaliza kumanga chingwe, n'kuyesa ngati makwerero agwira. Polankhula, mawu awo anali ofatsa, aulemu, opanda ukali ngakhale pang'ono.

"Magetsiwo savuta, ndawayesa. Swichi ili kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Koma akavuta, nambala yanga muli nayo, madamu."

Olive anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Iwo sanakwere njingayo, chifukwa m'maso munali mutachita chifunga ndipo msewu wa Chilomoni madzulo umadzaza ndi minibasi. Anangoikankha, kutsetsereka nayo kulowera ku Mbayani, osacheuka.